Mphunzitsi Wopanda Pepala ndi Dzino Langa Lakutsogolo

Ndisanayambe, nditchule mboni zanga, chifukwa kuno ku Kanyama alipo anthu amene amati ine ndikanena kuti kwacha, iwo amayamba atuluka panja kukaona. Mboni yoyamba ndi bambo wowotcherera zitsulo amene kontena yake ili kuseri kwa tchalitchi chathu. Akadali moyo, ndipo kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu samwa mowa. Mukamufunsa masiku amenewo akuuzani zomwe ndikuuzenizi. Mboni yachiwiri ndi mayi wogulitsa madzi pampopi wapakona, amene anandimenya ndi ndowa yachitsulo mpaka ndowayo inatenga maonekedwe a mutu wanga. Akutungirabe ndowa yomweyo. Wokayika abwere tipite ndikaivale, aone yekha mmene imandikwanira ngati chipewa choyeza kwa telala. Mboni yachitatu silankhula. Ndi dzino langa lakutsogolo. Lili m'kabotolo pamwamba pa kabati, ndipo alendo amaloledwa kuliona koma osaligwira.

Chaka chimenecho ndinali nditachotsedwa ntchito yaulonda ku Matero. Mlandu wanga unali kucheza. Lamlungu lina masana ndinacheza ndi amuna awiri pageti, anthu abwino, odziwa kumvetsera, ndipo pamene ndinkawafotokozera za ulendo wa amalume anga kumigodi, anzawo anali kutulutsa mafiriji kumpanda wakumbuyo. Mkazi wanga, amene amagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, sanakalipe. Anangonena kuti wamva kutchalitchi kuti bungwe lina likuphunzitsa anthu uphungu, ntchito yokhala pansi ndi anthu a mavuto: okwatirana omenyana, olandira zotsatira za magazi kukiliniki, oledzera ofuna kuleka. Anati popeza Mulungu anandipatsa pakamwa m'malo mwa nzeru, ndipite pakamwapo pakapeze setifiketi. Ndikabwera wopanda pepalalo anditumiza ku Katete kukalima fodya kwa alongo ake atatu. Alamu angawo ndimawadziwa. Amatha sabata yathunthu ndi mawu anayi, ndipo awiri mwa mawuwo amauza ng'ombe. Kwa munthu ngati ine kumeneko ndi kumanda.

Tsiku loyamba, mkulu wa ku ofesi ya bungwelo anaimirira ndi pepala kutiwerengera mbiri ya aphunzitsi athu akuluakulu atatu, kuti tidziwe kuti sitinagwe m'manja mwa anthu wamba.

Oyamba anali mayi a magalasi, ophunzira za maganizo a anthu. Anali ndi madigiri awiri, imodzi yakuno, ina ya kudziko lozizira kumene amati munthu ukalavula malovu amafika pansi ali mwala. Zilembo za kumapeto kwa dzina lawo zinali zambiri kuposa dzinalo, moti pamene mkulu uja ankamaliza kuziwerenga, tiyi anali atazizira ndipo ndevu zanga zinali zitaonjezera. Tinkawatchula ba Dokota. Anakana kangapo, koma ku Kanyama dzina silikanidwa.

Achiwiri anali nesi wopuma pantchito, ba Sisita. Dipuloma yawo inali imodzi, yachikasu ndi ukalamba, koma iwo anali m'gulu la amene ankakhala m'kachipinda ka kukiliniki kuuza anthu zimene zapezeka m'magazi mwawo, nthawi ija maliro ankadutsana pamsewu ngati maminibasi. Anamenyedwapo mbama ndi odwala, kulavuliridwa ndi apongozi a odwala, ndipo mwamuna wina anawathamangitsapo ndi mpando kuzungulira kiliniki kawiri. Zonsezi ankazinena ngati akukuuza kuti mvula yachedwa chaka chino.

Pofika pa achitatu, mkulu uja anatembenuza pepala, naona kuti kuseri n'koyera, natsokomola. Bambo wina wamfupi, wa khosi ngati ng'ombe yapagoli, wa chipsera chochoka pakhutu kufika pachibwano, anaimirira yekha.

"Ine nilibe pepala," anatero. "Ninali ngwangwazi pa stesheni, uja oitanila banthu mu basi. Tsiku lina tinamenya munthu pagulu, bati ni kawalala, wakuba. Anafa. Ninankhala mundende. Kumvela banthu ninaphunzilila mwamene muja, chifukwa munzako akayamba kulila mu selo, kulibe kwamene ungayende."

Anakhala pansi. Amene anali atakonzeka kuomba m'manja anakanda m'khosi. Pambuyo pake tinamva kuti atatuluka kundende anatha zaka zambiri akuyenda m'Chibolya ndi m'mabala a ku Mandevu, kukhala pansi ndi osuta chamba ndi anzawo otuluka kumene, ndipo ba Dokota ndi amene anaumirira kuti bungwe liwatenge. Tinkawatchula ba Mudala. Lamulo la ku ofesi linali lakuti aziphunzitsa, koma asamachonge mayeso kapena kusaina setifiketi, chifukwa dzina lawo linalibe mchira wa zilembo.

Enawo ankatiphunzitsa kafunsidwe ka mafunso. Ba Mudala ankatiphunzitsa mipando ndi zitseko. Mlangizi akhale chakukhomo. Patebulo pasakhale botolo. Ukaona mwamuna wavula wotchi n'kuika m'thumba, usadikire kuti amalize zimene akunena. Ndipo tsiku lililonse la masewero, pamene ena a ife tinkayerekeza kukhala anthu a mavuto kuti anzathu aphunzirepo, ba Mudala ankayamba azungulira nyumba zoyandikana, pampopi, pakantemba, kuuza anthu kuti phokoso limene amve lero ndi sewero chabe. Ife tinkati ndi njira yawo yopemphera vitumbuwa.

Mayeso ake anali otere: iwe ndiwe mlangizi, anzako ndi anthu a vuto, ba Dokota ndi ba Sisita ali pakona ndi zolembera. Ine ndinalephera kawiri. Ulendo woyamba mnzanga anati mwamuna wake wathawa, ndipo zinangochitika kuti ndinali ndi nkhani yabwino kwambiri ya munthu wina amene anathawa mkazi n'kukapezeka ali m'kwaya ku Mtendere. Nthawi inatha mnzangayo asanatchule dzina la mwamuna. Ulendo wachiwiri ndinakhala chete. Ba Sisita anayeza ndi wotchi, akuti ndinakhala chete nthawi yokwana kuyatsa machesi n'kuzima. Kenaka ndinapereka malangizo asanu ndi nthabwala imodzi, ndipo munthu wofunika kulira uja anaseka mpaka kugwa pampando. Ba Dokota anandiuza mofatsa kuti mlangizi ntchito yake yaikulu ndi makutu. Ba Mudala anangoti pakamwa panga ndi minibasi yopanda mabuleki, yotsika ndi anthu omwe.

Mwayi wachitatu unali womaliza, ndipo zotsatira zinkapita ku ofesi tsiku lomwelo. Mkazi wanga anali atayamba kale kundisankhira mabutsi a kumunda m'belo la salaula.

Tinali atatu obwereza: ine, mayi wina wamkulu thupi woimba m'kwaya, ndi mphunzitsi wa pulayimale wamanyazi. Holo ya tchalitchi tsiku limenelo inali ndi amayi okonzekera ukwati, choncho anatisamutsira m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri, kamene abusa amachititsa lendi, mwezi umenewo kalibe munthu. Kanyumba wamba pakati pa nyumba zina. Unali mwezi wa Okutobala, malaiti atapita, dzuwa likuphika malata, ndipo tinatsegula mazenera onse. Ba Mudala, popeza sachonga mayeso, anatumidwa kumsika kukagula zakumwa ndi mabanzi. Mwa tonse amene tinatsala, ndi madigiri awiri ndi dipuloma yomwe, palibe anakumbukira kuzungulira nyumba zoyandikana.

Woyamba kuyesedwa anali mphunzitsi wamanyazi uja. Ine ndinapatsidwa kukhala mwamuna wankhanza, mayi wa kwaya mkazi wanga. Ba Dokota anati tichite ngati zenizeni. Sindinavutike. Ndinakhalapo zaka zambiri moyandikana ndi munthu wotero, khoma lake lopyapyala ngati bisiketi, ndipo mawu ake onse ndinkawadziwa ngati nyimbo ya fuko. Ndinavula lamba n'kumenya patebulo. Ndinafunsa kuti ndani anamupatsa chitenje chatsopanocho. Ndinakankha mpando. Mayi wa kwaya, amene Mulungu anamupatsa mawu ofika kumwamba osadutsa kwa abusa, anakuwa kuti ndikumupha, anthu abwere, ndikumupha.

Chitseko sichinatsegulidwe. Chinangochoka pamodzi ndi felemu yake.

Woyamba kulowa anali mayi wa pampopi ndi ndowa yake. Ya ndowayo ndanena kale. Chimene ndingaonjeze n'chakuti inalira ngati belu la sukulu, ndipo ana ena apafupi anaweruka. Pambuyo pake panali amayi onse amene anali pamzere wa madzi, ena ndi mithiko, ena ndi zigubu zodzaza, ndiye okankha mawilibala, ndiye amuna a pakantemba amene sanadziwe mlandu koma anali ndi mpata. Anandikokera panja ndi miyendo, mutu wanga ukuwerenga masitepe. Nthaka ya ku Kanyama ndi miyala yokhayokha, ndipo tsiku limenelo ndinadziwana ndi mwala uliwonse. Wina anandimenya ndi tcheni la njinga pamsana. Wina anandiponda pa zala. Agogo ena amene sankatha kuwerama anapempha kuti andinyamule pang'ono kuti nawonso afikire.

Ndinayesa kufotokoza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali ndi gulu lalikulu chotere londizungulira, koma palibe ankafuna nkhani.

Ba Dokota anaima pakhomo n'kuwauza m'Chingerezi chofewa kuti akuona kuti anthu akwiya, ndipo kukwiya si tchimo, tiyeni tikhale pansi. Anayankhidwa ndi theka la njerwa limene linaswa galasi limodzi la m'maso mwawo. Koma ndiwachitire chilungamo, sanathawe. Magazi akutsika patsaya, anadzakakamira mwendo wanga wakumanzere, ndipo gulu likakokera uku iwo ankakokera uko, moti mpaka lero mwendo umenewo ndi wautali pang'ono. Ba Sisita anagwada n'kuphimba mutu wanga ndi chikwama chawo, akulangiza anthu malo oti asamenye, pachiwindi ndi pa impso, ndipo ena anayamikira chifukwa sankadziwa pamene zili.

Mayi wa kwaya analowa pakati akulira zenizeni tsopano, akunena kuti ndi sewero chabe, sindinamukhudze n'komwe. Mayi wa pampopi anamugwira dzanja n'kumukokera kumbuyo kwake.

"Tonse timakamba so, mwana wanga," anatero. "Tonse timakamba ati tenze kusewela chabe. Imilila uku."

Kenaka ndinaona tayala likugubuduzika kuchokera kumsewu. Ndinamva wina akufunsa amene ali ndi parafini. Ndanena zoseketsa zambiri m'moyo wanga, koma pamenepo ndilibe chonena. Ndinagona m'fumbi ndikuyang'ana tayalalo, ndipo ndinakumbukira kuti m'mawa ndinachoka pakhomo osatsanzika bwino.

Ba Mudala anatulukira pakona atasenza kileti ya zakumwa paphewa. Sanathamange. Sananene kuti lekani. Anatsitsa kileti bwinobwino pamthunzi, naika mabanzi pamwamba, navula malaya n'kuwapinda. Atayenda kulowa m'gulu, anthu anaona chipsera ndi khosi lija n'kupatuka okha. Anandigwira pakhosi pa malaya n'kundiimiritsa ndi dzanja limodzi.

"Ni uyu? Uyu ni wanga," anatero. "Nankhala nimusakila kuchokela mu Januwale."

Ndiye mbama.

Ndikulumbira pa mboni zanga zonse zitatu. Mbama imeneyo inamveka ku Chawama. Nkhunda zinauluka padenga la tchalitchi, wailesi ya wowotcherera inasintha siteshoni, ndipo malaiti amene anapita m'mawa anabwera. Dzino langa linatuluka, linauluka pamwamba pa mitu ya anthu, n'kukagwera m'ndowa ya mayi wa pampopi, kuti ngwe. Gulu lonse lija, ndi matcheni ndi njerwa, silinandichotse dzino ngakhale limodzi. Anandichotsa ndi mphunzitsi wa uphungu.

Anthu anabwerera m'mbuyo, monga amachitira akaona katswiri wafika. Ba Mudala anakankha tayala ndi phazi, nati tayala ndi la anthu abwino chifukwa amafa msanga, uyu akufuna amve pang'onopang'ono. Anandimenyanso ina kutsaya linalo kuti nkhope ilingane, n'kundikoka kudutsa pakati pa anthu mpaka pakontena. Wowotcherera anatuluka yekha osapemphedwa. Chitseko chachitsulo chinatsekedwa ndi mpiringidzo mkati.

Mumdima wotentha uja anandikhazika pansi mofatsa, natola chitsulo chachitali.

"Manje lila," ananong'ona. "Ukaleka kulila, tafa tonse babili."

Anayamba kumenya mgolo ndi makoma a kontena, ine ndikukuwa. Anamenya mpando wakale wa galimoto kuti zimveke ngati mnofu. Ndinaitana amayi anga, ndinaitana abusa, ndinalonjeza kusiya zinthu zimene sindinayambe n'komwe. Kunja phokoso linayamba kuchepa. Poyamba ankati mupitilize, Mudala. Kenaka kunali zii. Kenaka ndinamva amayi ena akuti koma uja amupha ndithu. Potsiriza wina anagogoda pachitseko, ndipo anali mawu a mayi wa pampopi, akuti chakwana bambo, nayenso ndi mwana wa munthu.

Ba Mudala anaponya chitsulo pansi. Anandiuza kuti gulu suliuza kuti lekani, chifukwa limakumenya ndi iwe wemwe. Umalionetsa munthu woipa kuposa ilo, mpaka lokha linene kuti chakwana. Atanena zimenezo anapita pakona ya kontena n'kusanza. Mpiringidzo ndinatsegula ndine.

"Uja wa pa stesheni," anatero osandiyang'ana, "sanapeze munthu omumenya mbama."

Pamene tinkatuluka, ba Dokota anali atafotokoza kale zonse, ulendo uno m'Chinyanja, ndipo anthu ankabalalika aliyense akunena kuti iye anangobwera kudzaleretsa. Ba Sisita ananditsuka m'kamwa ndi madzi amchere, naikamo thonje lodzaza, namanga nsagwada zanga ndi bandeji kuzungulira mpaka pamwamba pamutu, monga amamangira maliro. Anati ndisatsegule pakamwa mpaka mawa. Ba Dokota, diso limodzi lili ndi galasi lina lilibe, anapepesa, nati palibe chimene angachite: ulendo wanga sunachitike, mwayi wachinayi kulibe, ndipo mapepala akupita ku ofesi lero. Ndinafuna kudandaula. Chimene chinatuluka ndi mpweya wa m'mphuno. Ndinaona fodya wa ku Katete akundikodola.

Tili choncho m'kanyumba kopanda chitseko kaja, analowa mayi wa pampopi. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje n'kuika dzino langa patebulo. Anakhala pampando woyang'anizana ndi ine, umene tinaikira munthu wa vuto, chifukwa ndi wokhawo unali ndi miyendo inayi.

"Munikhululukile, batata," anatero.

Ndinagwedeza mutu. Ndinkayesa aimirira, koma anakhalabe. Anayang'ana lamba wanga amene anali akadali pansi. Ndiye anayamba kunena za mng'ono wake amene ankakhala naye pa yadi imodzi ku komboni ya George. Anati mwamuna wa mng'ono wakeyo ankamenya chitseko chili chotseka, ndipo oyandikana onse ankamva, n'kumati za m'banja. Anati tsiku lomaliza iye anali panja akuchapa. Anamva mng'ono wake akuitana dzina lake kawiri. Anaimika manja m'beseni, n'kuganiza kuti akalowa, mawa awiriwo adzagwirizana, woipa adzakhala iye. Anapitiriza kuchapa. Anakumbukira ngakhale chovala chimene ankachapa, diresi ya sukulu ya mwana wake. Anati kuchokera pa maliro aja sanauzepo munthu kuti anamva dzina lake.

Ine m'mutu mwanga munali nkhani zitatu zofanana ndi imeneyo, vesi limodzi, ndi malangizo abwino kwambiri. Zonse zinafika pakhosi n'kupeza bandeji ya ba Sisita. Ndinati mm. Iye anapitiriza. Analira, anasiya, anakhala chete nthawi yaitali, ndipo ine amene sindinasiyepo chete ali yekha osamuthandiza, ndinangokhala. Kenaka ananenanso zina, za ana a malemuyo amene akuwalera, za mmene amamvera akamva mkazi akukuwa. Ndinamupatsa thonje loyera limene linatsala patebulo kuti apukute maso. Penapake pamenepo nkhani zanga zitatu zija zinachoka zokha, ndipo ndinapeza kuti ndikungomva zimene mayiyo akunena.

Pakona, ba Dokota anali atatola cholembera. Ba Sisita ankayang'ana wotchi. Ba Mudala anaima panja pa khomo, popeza saloledwa kuchonga, akudya banzi.

Mayi uja atatuluka, ba Sisita anamutsatira kukagwirizana naye tsiku loti adzakumanenso. Ba Dokota analemba nthawi yaitali, pepala lili pafupi ndi diso la galasi lija. Anangofunsa ngati dzina langa lili ndi zilembo ziwiri zofanana pakati, kuti lisalakwike.

Setifiketi inachedwa mpaka mvula inagwa, Kanyama n'kusanduka dziwe monga mwa chaka chilichonse. Mkazi wanga sanachotse mabutsi aja pakhomo. Anati pepala limene sanaligwire ndi nkhani chabe, ndipo nkhani m'nyumba muno zilimo kale zokwanira. Tsiku lina m'mawa ndinaona ba Mudala akubwera, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, akudumpha pamiyala, envulopu ili m'pulasitiki pamutu. Anakana kulowa, akuti mapazi ali ndi matope.

Ndinatsegula pakhomo pomwepo. Dzina langa linalembedwa bwino. Pansi panali masaini awiri, ya ba Dokota ndi zilembo zawo zonse zofika m'mphepete mwa pepala, ndi ya ba Sisita. Ndinatenga cholembera m'thumba n'kuwapempha kuti nawonso asaine, ngakhale kuseri, ku ofesi sakadziwa.

Anayang'ana cholemberacho, nandiuza kuti ndiseke. Ndinaseka. Analoza mpata wa pakati pa mano anga.

"Ninasaina kudala," anatero, ndiye kuti anasaina kale.

Mkazi wanga anandilanda pepalalo manja anga asanalinyowetse, analiwerenga kawiri, n'kutenga mabutsi aja kukawabwezera m'belo.